Kuyezetsa magazi pofufuza chimfine chosatha: mawu kwa mabanja okhala ku Doha



Ambiri mwa inu mwadandaula kuti chibwerereni kuno mwana amangoyetsemula, maso amamuyabwa, ndipo usiku amatsokomola ngati wa mphumu. Timafulumira kuloza chala fumbi la mphepo ya shamal. Fumbi limavutitsadi, koma nthawi zina thupi limakhala likudana ndi mungu wa zomera, monga wa kapinga kapena wa kanjedza, amene amachita maluwa cha mu February ndi March. Ena amadana ndi nkhungu, monga Aspergillus ndi Alternaria, imene imamera m'bafa ndi m'makina oziziritsira nyumba osatsukidwa, makamaka m'miyezi ya chinyezi ya August ndi September.

Kuti tidziwe chenicheni, timayeza magazi. Namwino amatenga magazi pang'ono pamkono, ndipo ku labotale amayang'anamo asilikali a m'thupi otchedwa IgE amene thupi lapanga polimbana ndi mungu kapena nkhungu inayake. Simufunika kusala kudya. Simufunikanso kusiya mapiritsi oletsa kuyetsemula, monga zimafunikira poyeza pakhungu.

Koma chonde mvetsani ichi: kupezeka kwa IgE pakokha si matenda. Dokotala amayerekezera zotsatirazo ndi zimene inu mwamuuza, choncho muzilemba mwezi, nthawi ndi chipinda chimene mwana amavutikiramo kwambiri.

Yambirani kuchipatala cha Primary Health Care Corporation chimene munalembetsako, mutatenga khadi lanu la zaumoyo. Pakafunika katswiri, adzakutumizani ku Hamad Medical Corporation. Mwana akamabanika mpaka kulephera kulankhula, musadikire zotsatira. Imbani 999 nthawi yomweyo.