Khutba ya Jumu'a: Phazi la Wodwala Shuga

Tikutamanda Allah, Mwini moyo ndi thanzi, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale anga Asilamu, alipo anzathu amene kale tinkaima nawo m'safu koma lero akuswalira kunyumba chifukwa anadulidwa mwendo. Ambiri sanachite ngozi ya pamsewu. Kanayamba ndi kachilonda: munga wa nsomba, tuza la nsapato yothina, kapena kupsa ndi mchenga wa masana kunyanja.

Matenda a shuga akakhalitsa amawononga mitsempha, phazi n'kuchita dzanzi. Amachepetsanso magazi ofika kumapazi, kotero chilonda chimachedwa kupola. Munthu atha kuponda mbedza osamva kanthu. Ululu umene timadana nawo ndi mlonda amene Allah anatiikira, ndipo kwa wodwala shuga mlondayo wagona.

Tsono maso agwire ntchito ya mlondayo. Surah Al-Maidah, ndime 6, ikutilamula kusambitsa mapazi pochita udhu, choncho tsiku lililonse dzanja lanu limafika kuphazi kangapo. Yang'anani pansi pa phazi ndi pakati pa zala, kenako mupukute paume. Ngati maso afooka, mwana akuonereni. Potuluka mumzikiti muno, kutumulani nsapato musanavale, mungakhale kamwala. Musayende chosavala nsapato, ndipo nyengo yozizira musayandikize mapazi kumoto.

Chilonda chikaoneka, musadikire kuti chiwawe, pakuti mwina sichidzawawa. Pitani kuchipatala. Kukafiira, kutupa, kutuluka mafinya, kununkha kapena chala kuyamba kuda, pitani tsiku lomwelo. Kumeneko amatsuka chilonda, kuchotsa mnofu wakufa, kupereka mankhwala opha tizilombo ngati talowa, ndi kutsitsa shuga ndi mapiritsi monga metformin kapena jakisoni wa insulin. Adzakuuzaninso kuti musapondere phazilo, langizo limene asodzi limativuta kusunga.

Ena mwandifunsa za mankhwala azitsamba a ku China. Sitinyoza nzeru za anthu amenewo. Amodzi mwa mankhwala awiri amene ali mu LA, yemwe timamwa tikadwala malungo, anachokera ku chitsamba chawo chotchedwa qinghao, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Koma mankhwalawo anayamba ayesedwa. M'zipatala za ku China komweko, zitsamba zotsukira ndi zopaka pazilonda zimaperekedwa pamodzi ndi chithandizo chimene ndatchulachi, osati m'malo mwake. Botolo la pamsika, lolembedwa zilembo zimene ngakhale wogulitsayo sangawerenge, ndi nkhani ina. Ena mwa mankhwala otere anapezekapo atathiridwa mobisa glibenclamide, amene angatsitse shuga mpaka munthu kukomoka. Ena muli mowa kapena ziwalo za nyama zimene Msilamu sadya. Kalionetseni kaye kwa dokotala.

Ndikudziwa kuti ena mumamasula bandeji pofuna udhu, poopa kuti Swala sikulandiridwa. Lekani. Sharia yalola kupaka dzanja lonyowa pamwamba pa bandeji, yalola tayammum pamene madzi angaonjeze vuto, yalolanso kuswali chokhala. Ndipo amene wakhala ndi chilonda kunyumba namati ndiyo tawakkul, akumbuke kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analamula maswahaba ake kufunafuna mankhwala.

Allah achiritse odwala athu. Ameen.