Cilema ca Ndalama ndi Gwero Lace

Mau a lero ali pa ndalama zacitsulo zimene zituluka m'nyumba yosulira ziri ndi cilema. Anthu okonda kusunga ndalama zosowa amazigula pa mtengo waukulu, ndipo cifukwa ca ici onyenga aculuka. Koma munthu wodziwa masulidwe a ndalama sanyengeka msanga, pakuti cilema ciri conse cimaulula pamene cinabadwira.

Nchito yosula iri patatu. Poyamba adula tizitsulo tozungulira, topanda cizindikiro. Kaciwiri akonza zidindo ziwiri, ca kumaso ndi ca kumbuyo. Kacitatu makina apanikiza kacitsulo pakati pa zidindozo.

Cilema cikhoza kuyambira pa kacitsulo. M'caka ca 1943, pa nthawi ya nkhondo, dziko la America linasula ndalama ya senti imodzi ndi citsulo wamba kuti lisunge mkuwa. Tizitsulo towerengeka ta mkuwa tinatsalira, ndipo tinadindidwa pamodzi ndi tinzace. Onyenga amapaka mkuwa pa senti yacitsulo, koma maginito amawagwira bodza: yacitsulo imamatira, yamkuwa ai. Sikelo nayo icita umboni, popeza yamkuwa ilemera magalamu 3.11, yacitsulo 2.7.

Cilema ca cidindo cizindikirika ndi ici, kuti cioneka cimodzimodzi pa ndalama zambiri. Mu 1955 ku Philadelphia cidindo ca senti cinalandira cithunzi cace kawiri mosalingana, motero malembo ndi caka zinaoneka ziwiriziwiri pa ndalama zonse zimene cinadinda. Mu 2008 ku Britain anasamutsa caka pa ndalama ya mapeni 20 kucoka kumbuyo kunka kumaso. Amisiri ena a Royal Mint anaphatikiza cidindo cakale ca kumaso ndi catsopano ca kumbuyo, ndipo ndalamazo zinatuluka zopanda caka konse.

Cilema ca podinda ciri cosiyana ndi izi. Kacitsulo kakapanda kukhala bwino pamalo pace, cithunzi cimagwera kumbali, mbali yina nitsala yosalala. Ndipo zotere sizifanana ndendende ina ndi inzace.

Tsono pali cilema cina cimene siciri ca osula ai, ndico kuonongeka kwa m'manja mwa anthu. Cidindo cikang'aluka, citsulo cimalowa m'mng'alumo, ndipo pa ndalama paoneka mzere wotukuka. Koma mpeni kapena msomali ukanda mzere wolowa m'kati. Kukandika kotere sikuonjezera mtengo wa ndalama.

Cifukwa cace mwana akadza kusukulu ndi ndalama yacilendo, mphunzitsi asafulumire kumuuza kuti wapeza cuma. Amthandize kuiyesa pa sikelo, kuilinganiza ndi inzace yabwino, ndi kufunsa ngati cilemaco ciri cotukuka kapena colowa. Mwana wophunzira kufunafuna gwero la cinthu asanaweruze adzatero ndi pa samu, ndi pa mirandu ya kumudzi atakula.