Phuma la okalamba athu lisadikire tsiku la Ilala

 Ndilankhula m'Chichewa kuti alamu athu amene tinakwatirana nawo kuno ku Joni amve nawo.

Bungwe lathu la anthu ochokera ku Ruarwe, ku Usisya ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja ntchito ya maliro limaidziwa. Uthenga ukafika timasonkha, bokosi limapezeka, thupi limakafika kumudzi mwaulemu. Lero ndikufuna tikambe za foni imene imabwera maliro asanachitike, ya usiku ija: amama akubanika, mpweya sukukwana. Ambirife timayankha kuti n'chifuwa chabe, amwe madzi otentha, tiona kukacha. Kwa munthu wachikulire amene ali ndi shuga komanso vuto la mtima, yankho limeneli limapha.

Shuga akakhalitsa m'thupi amawononga mitsempha yodyetsa mtima, amawononganso timitsempha timene timauza munthu kuti penapake pakupweteka. Choncho mtsempha wa mtima ungatsekeke popanda ululu wa pachifuwa umene tonse timauyembekezera. Chimaoneka ndi phuma lodzidzimutsa, thukuta lozizira, nseru ndi kufooka. Nthawi zina mtima umakhala watopa, sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi amadzadza m'mapapo. Apa thupi limachenjeza pasadakhale. Agogo amayamba kugona chokhala chifukwa akagona chagada amabanika, amadzidzimuka pakati pa usiku akufuna mpweya, mapazi amatupa, kamtunda ka kuchokera kunyanja kufika pakhomo kamawapumitsa kawiri. Ife timangoti ndi ukalamba. Shuga akakwera kwambiri nayenso amapumitsa munthu mofulumira ndi mozama, pamodzi ndi ludzu losatha ndi kusokonezeka mutu.

Matendawa si a m'tauni mokha. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo 5.6 peresenti anali ndi shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Tsono ganizirani kwathu. Ku Ruarwe galimoto sifika. Sitima ya Ilala ili ndi masiku ake, ndipo matenda sayang'ana masikuwo. Wodwala ayenera kukwera boti mpaka ku Usisya, kenako kukwera chitunda kupita ku chipatala cha Mzuzu Central, kapena kuyenda panyanja mpaka ku Nkhata Bay. Mwera ukaomba mu June ndi July, mwini boti amakayika. Mvula ikagwa, msewu wa Usisya umaterera. Pamwamba pa zonsezi, banja limataya maola ena likuyendayenda kufuna ndalama ya mafuta, likudikira kuti wa ku Joni ayankhe WhatsApp. Mwera sitingauletse, koma maola amenewa ali m'manja mwathu.

Foni ya usiku ija ikabwera, uzani abale amukhazike wodwalayo tsonga, miyendo ili pansi, asamugoneke, asamukakamize phala kapena mankhwala azitsamba. Atenge buku lake la kuchipatala ndi mapiritsi onse amene akumwa, aitane wazaumoyo amene ali pafupi, ulendo uyambe nthawi yomweyo.

Tiyang'anenso katundu amene timatumiza pa basi. Mapiritsi a ululu monga brufen ndi diclofenac amasunga madzi m'thupi ndipo amavulaza impso, kotero kwa wodwala mtima ndi oopsa. Timapaketi ta supu tadzaza mchere, pamene bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasipuni kamodzi ka tiyi. M'malo mwake tumizani makina oyezera BP ndi shuga, ndiponso ndalama yoti makolo azikatenga mankhwala mwezi usanathe. Mapiritsi okodzetsa amene amapatsidwa kuchipatala, ambiri amawasiya chifukwa chotopa ndi kudzuka usiku. Muziwafunsa mwaulemu ngati akumwabe.

Nafenso muno imvi zayamba. Amene mwatsika basi ya masiku awiri kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, mwendo umodzi n'kutupa, kenako phuma, dziwani kuti magazi angakhale ataundana n'kukatseka m'mapapo. Imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, musadikire kuti abwana akupatseni tsiku.

Pempho langa, Wapampando, ndi ili: pambali pa thumba la maliro tikhazikitse thumba la mafuta a boti. Ndalamayo izikhala kumudzi konko, m'manja mwa anthu awiri odalirika, ndipo mwini boti adziwiretu kuti akadzutsidwa usiku adzalipidwa. Ndikupempha kuti tivote pa nkhaniyi lero, tisanabalalike.