Bulu wokalamba akafooka si ulesi, tiyeni timuyezetse



Ambirife timadalira abulu kukoka ngolo ya chimanga, manyowa ndi madzi. Koma bulu akakalamba n'kuyamba kufooka, timathamangira chikwapu. Lero tikufuna tikambirane za matenda amene amagwira akavalo ndi abulu omwe, otchedwa PPID kapena Cushing.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, kamene kamatulutsa mahomoni, timadzi toyendetsa ntchito za m'thupi. Chiweto chikakalamba, kachiwaloka kamatha kutupa n'kumatulutsa mahomoni opitirira muyeso. Kafukufuku wa ku Australia anapeza matendawa mwa kavalo mmodzi pa akavalo 5 aliwonse a zaka 15 kapena kuposerapo.

Zizindikiro zake ndi izi: ubweya wautali wosathothoka ngakhale kutentha kwafika, kuphwa kwa minofu ya pamsana mimba ili chilendewere, kumwa madzi ndi kukodza pafupipafupi, zilonda zochedwa kupola, komanso kupweteka kwa ziboda kotero kuti chiweto chimayenda ngati chikuponda minga.

Maso okha sangatsimikize matendawa. Dokotala wa ziweto amatenga magazi n'kuyeza homoni yotchedwa ACTH. Magaziwo ayenera kusungidwa pozizira mpaka akafike kolimira kuyeza, ndipo mlingo wa homoniyi umasintha ndi nyengo. Choncho zotsatira aziwerenga ndi dokotala, osati wogulitsa mankhwala pamsika.

Mankhwala ake ndi pergolide, amene amamwetsedwa tsiku ndi tsiku moyo wonse. Sachiritsa, koma amachepetsa zizindikiro. Nthawi zina amachotsa chilakolako cha chakudya, ndipo bulu akasiya kudya, mafuta amatha kudzaza m'magazi mwake mpaka kufa. Tikaona zotere, tiitane mlangizi tsiku lomwelo.

Zina tingachite tokha pakhomo: kumeta ubweya, kuwenga ziboda, kuonetsa mano, kupereka mankhwala a njoka za m'mimba, ndiponso kuchepetsa madeya ndi zakudya zotsekemera chifukwa zimakulitsa vuto la ziboda.

Tsono alimi anzathu, ndani mwa ife angakwanitse yekha kuitana dokotala ndi kutumiza magazi ali ozizira? Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha kalabu iliyonse ilembe abulu ake ndi zaka zawo, kuti bungwe lathu likapemphe boma kuti alangizi a ziweto aziphunzitsidwanso za abulu, osati ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku zokha. Bulu akagwa, katundu amabwerera pamitu ya amayi ndi ana athu.