Mlandu Sutha Mbuzi Isanabwere

Mau olalikidwa pa msonkhano wa Akristu, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a m'midzi, m'dziko la Chiradzulu. Kuwerenga: Eksodo 22:1-4 ndi Luka 19:1-10.

Abale okondedwa, ndi inu aphunzitsi amene mwachokera ku Namitambo, ku Thumbwe ndi ku Mbulumbuzi, mau amene tawerenga lero anena za mbala, koma makamaka anena za chinthu chimene mbalayo inatenga. M'chilamulo cha Mose, munthu wakuba ng'ombe naipha kapena kuigulitsa analipa ng'ombe zisanu, ndi wakuba nkhosa analipa zinai. Ikapezeka nyamayo iri yamoyo m'dzanja lake, analipa ziwiri. Tisamalire bwino kuti m'mau amenewa simunenedwa za ndende. Woweruza wa Israyeli sanayambe ndi kuwerenga masiku akusunga wakubayo. Anayamba ndi mwini wake, amene anaima nayang'ana khola lopanda kanthu.

Makolo athunso anaweruza chomwecho, asanaone buku liri lonse. Mbuzi ikabedwa, nyakwawa ndi akulu anakhala pabwalo, ndipo mlandu sunathe kufikira itabwera mbuziyo, kapena inzake m'malo mwake, ndi kanthu kena pamwamba pake. Wakuba akalephera, abale ake anasonkha. Panalibe wonena kuti, Tamkwapula, tsono aidye.

Koma mbala ya masiku ano silowa m'khola usiku. Ikhala pampando usana, yobvala bwino, ndi cholembera m'dzanja. Akulu mwa inu mukumbukira chaka cha 1913 iai, pakuti simunabadwe. Koma chaka cha 2013 muchikumbukira nonse, pamene kunamveka ku Lilongwe mlandu umene anthu anautcha Cashgate. Anchito ena a Boma analemba m'makina osungira mabuku a ndalama kuti makampani akuti anapereka katundu, pamene sanapereke ngakhale msomali umodzi. Ndalama zinatuluka, ndipo iwo anafafaniza zolembedwazo. Zina zinapezeka m'magalimoto ndi m'nyumba, mitolo mitolo. Owerengera ndalama a Baker Tilly, ochokera ku Britain, ananena m'chaka cha 2014 kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April kufikira September 2013, zinatayika ndalama zoposa K13 biliyoni. Maiko amene anali kuthandiza Boma lathu anaimitsa thandizo lao.

Ndalama zimenezo zinali za yani? Timanena kuti za Boma, monga ngati Boma ndi munthu wachilendo wokhala kutali. Zinali za mai wogulitsa tomato ku Mbulumbuzi, amene apereka msonkho pa sopo ali yense amgula. Zinali za wodwala wogona pa chipatala cha Chiradzulu, ndi za mwana wophunzira pansi pa mtengo. Thumba lomwelo ndilo tiyang'anako tsoka likagwa, monga muja linagwera abale athu a ku Ntauchira m'mwezi wa March 2023, pamene matope a namondwe Freddy anatsika m'phiri nakwirira mudzi. Eni ake a khola lija ndife.

Oweruza anagwira nchito yao. M'mwezi wa October 2014 Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, atabvomera kale mlandu wa K63 miliyoni, analamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu. M'mwezi wa September 2015 Oswald Lutepo analamulidwa zaka 11 pa mlandu wa K4.2 biliyoni. Ndi enanso analowa. Sitipeputsa zimenezo. Koma tifunse monga akadafunsa nyakwawa: mbuzi iri kuti? Pakuti munthu ali yense akaba chuma chambiri, nakhala m'ndende zaka zowerengeka, natuluka kukapeza nyumba zake ziri chiimire ndi magalimoto ali pakhomo, ameneyo sanalangidwe. Wagula chumacho, ndipo mtengo wake ndiwo zaka zija. Alipo anyamata ambiri osowa nchito amene angakondwere nao malonda otere. Ana a m'sukulu zanu, aphunzitsi inu, adziwa kuwerengera, adzawerengeranso ichi.

Chifukwa chake tiyamika kuti malamulo a dziko lino abwerera pang'ono ku nzeru yakale ija. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, linena kuti wanchito wa Boma wokhala ndi chuma chopambana malipiro ake ayenera kufotokoza kumene chinachokera. Ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inaika lina, Financial Crimes Act. Mvetsetsani machitidwe ake, kuti mukafotokozere anthu kwanu. Poyamba Boma lipita ku bwalo lalikulu kukapempha kuti nyumba yakuti, kapena galimoto, kapena ndalama za m'banki, zisagulitsidwe kapena kusunthidwa. Ndiko kutseka khola mbuzi isanaoloke mtsinje. Pamenepo alengeza, kuti yense wonena kuti katunduyo ngwake afike. Woweruza akamva mbali zonse, naona kuti umboni ulemera ku mbali yakuti chumacho chinachokera m'kuba kapena m'ziphuphu, alamula kuti chilandidwe. Chachilendo m'lamuloli ndi ichi: mlandu uli pa chuma, suli pa munthu. Angakhale wakubayo wathawira kutsidya la nyanja, nyumba yake siingathawe naye.

Tinene poyera kuti mpeni uwu ngwakuthwa, ndipo ungacheke wosalakwa. Tiwerenga mu 1 Mafumu 21 za Naboti, amene munda wake wamphesa unalandidwa ndi mfumu Ahabu mwa mlandu wopeka ndi mboni zonama. Ndipo zonsezo zinachitika pabwalo, monga mwa lamulo. Olamulira akagwira lamuloli kukantha nalo adani ao okha, nasiya abwenzi ao adye, achita za Yezebeli. Mpanda wake ndiwo woweruza wosaopa munthu, ndi ufulu wa mwini katundu kudziyankhira. Momwemonso sitilola khamu la anthu kutenga miuni kukatentha nyumba ya womganizira. Nyumba yopsa siibweza kanthu kwa wina ali yense.

Chuma chikabwezedwa chichita chiani, taona kwa anansi athu a ku Zambia. M'chaka cha 2021 zinapezeka m'nyumba ina ku New Kasama, mu Lusaka, ndalama za kumeneko zokwana K65 miliyoni, pamodzi ndi madola 57,900. Zinaperekedwa ku Boma, ndipo m'chaka cha 2022 Boma linazipereka ku maphunziro, kuti zilipirire ophunzira 2,232 a m'sukulu zaukachenjede. Ambiri kumeneko anadandaula kuti wosunga ndalamazo sanaimbidwe mlandu, popeza anazipereka mwa pangano. Ndipo ife tiyesa kuti dandaulo lao linali ndi pake, pakuti chilamulo cha Mose sichinati wakuba angobweza imodzi yomweyo napite. Komabe ndalama zimene zinagona m'chipinda zinaoneka poyera, ndi anthu anatha kuwerenga kumene zinapita. Ichi tichifuna kunonso: chikalandidwa chuma, atiuze kuti nchingati, ndi kuti chagula chiani, kuti chingabedwe kawiri.

Tsono tifike pa Zakeyu, ndi pa ife tomwe. Iye anali mkulu wa amisonkho ku Yeriko, wanchito wa Boma la Aroma, wolemera ndi zolanda. Ambuye atalowa m'nyumba mwake, munthuyo analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake, ndi kubwezera kanai ali yense anamnyenga. Palibe msilikari anamkoka. Ndipo taonani kumene anatumiza chumacho. Sanachitengere ku Kachisi kuti ansembe amtame. Anafuna eni ake, mmodzi mmodzi.

Pano mpomwe mipingo yathu ipunthwa. Afika munthu amene tonse tidziwa malipiro ake, ndipo m'zaka ziwiri wamanga nyumba zinai. Atula matumba a simenti ndi malata a tchalitchi, ndipo ife timuika pampando wa kutsogolo, amai nalulutira. Sitifunsa, chifukwa denga likudontha, ndi mvula iri pafupi. Tidziwa kuwawa kwake kwa denga lodontha. Koma ngati simentiyo ndi mankhwala a chipatala osandulika, tamanga nyumba ya Mulungu ndi moyo wa mwana wa mnzathu, ndipo tamthandiza wakubayo kutsuka dzina lake. Lamulo la dziko litsata chuma chakuba ngakhale chitalowa m'dzanja lachiwiri ndi lachitatu, ndipo lichinjiriza iye yekha amene anachilandira osadziwa, wopandanso chifukwa chakukayika. Kodi mpingo udzaima pamaso pa woweruza ndi kunena kuti sunakayike, pamene mudzi wonse unali kunong'ona?

Sitinena kuti muyese mbala ali yense wolemera. Alipo ambiri amene anapata ndi thukuta, m'munda, m'sitolo, kapena ku Johannesburg. Otere sadzakwiya pofunsidwa. Chifukwa chake tapangana ndi akulu a mpingo kuti mphatso yaikulu iri yonse idzalembedwa m'buku ndi dzina la wopereka, ndipo akulu awiri adzacheza naye mwaulemu isanalandiridwe. Inu aphunzitsi, lembani matumba a ufa wa phala, mabuku ndi ndalama za sukulu pa tsiku lomwe zafika, ndipo muziwerenge pamaso pa makolo kamodzi pa chigawo chiri chonse. Chikasowa kanthu, muyambe mwapita kwa munthuyo ndi mboni, mumpatse masiku akubweza. Akakana, mlandu upite kwa mfumu ndi kupolisi, ngakhale ali mkulu wa mpingo kapena mbale wa mbusa. Ndipo ngati alipo wina pakati pathu amene asunga chosakhala chake, akulu adzatsala m'chipinda cha kumbuyo titatuluka, ndipo adzamthandiza kupeza mwini wake.