Akweza fizi ku nazale: tikamuchotsa mwana, Lolemba atsala ndi ndani?

Tikudziwa ena mwasiya zovala zili m'madzi.

Nkhani ya lero inayambira pa uthenga umodzi wa pa WhatsApp. Atatu mwa ife tili ndi ana pa nazale ina kuma Area kuno, dzina sititchula. Lachisanu lina madzulo uthenga unalowa pa gulu la makolo: kuyambira mwezi wamawa fizi ikwera, pafupifupi ndi theka, temu ili pakati. Pansi pake anawonjezera kuti wofuna kuchotsa mwana apereke notisi ya temu yathunthu, apo ayi dipoziti yapita. Atatero anatseka gululo kuti azilemba okha.

Usiku umenewo tonse tinati basi, timuchotsa. Kutacha tinayamba kufunsana kuti, chabwino tamuchotsa, nanga Lolemba? Wina amagwira ntchito ku Capital Hill, 7:30 akhale atafika. Wina ali pa kauntala ya banki ku City Centre. Wina ali ndi shopu ku Old Town, akapanda kutsegula palibe cholowa. Eni nazale amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sachita kupempha.

Tisanamizane, zinthu zakweradi. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Madamu a nazale nawo amalipira lendi, amagula shuga, ufa wa phala, gasi. Sitikunena kuti fizi isamakwere. Tikukana kakwezedwe kake: pakati pa temu, popanda kukambirana, kenako n'kukutsekera chitseko kuti ukatuluka utaye ndalama zako.

Ndiye choyamba chimene tinachita n'kufufuza pepala lomwe tinasayina polembetsa mwana. Manyazi ake! Mmodzi yekha ndi amene anali nalo. Ena tonse tinangosayina titaimirira, mwana ali kumsana, pepala n'kutsala ku ofesi. Titaliwerenga tinapeza kuti limanena za notisi yochotsera mwana, koma silinena paliponse kuti iwo angakweze fizi temu isanathe. Apa mpamene pagona nkhani. Kontrakiti ndi mgwirizano wa anthu awiri. Ngati mulibe mfundo yomulola, mmodzi sangadzuke n'kusintha mtengo yekha, kwinaku akukumangirira iwe ku mbali yomwe ikumukomera. Ngati mfundo yotero ilimo, onani kuti imati akudziwitseni liti, ndipo anatsatiradi kapena ayi.

Chachiwiri, musachotse mwana ndi pakamwa kapena ndi voice note yokalipa. Lembani kalata yaifupi. Ikani tsiku, dzina la mwana, tsiku lomaliza kubwera, chifukwa chake, ndi ndalama zomwe mukufuna zibwezedwe. Pangani fotokope, wolandirayo asayine pa yanu. Sungani malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ndipo jambulani uthenga wokweza fizi uja asanaufufute. Musaleke kulipira mwakachetechete n'kusowa, chifukwa mawa wolakwa adzakhala inu. Lipirani mtengo wakale wa masiku omwe mwana wakhalapo, n'kulemba kuti wowonjezerawo simunauvomere.

Akakana kubweza, kulipo kopita. Kholo lolipira fizi ndi wogula ngati wina aliyense, ndipo lamulo loteteza ogula la 2003 limatikhudza. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lili konkuno ku Lilongwe ndipo limalandira madandaulo, komanso lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipitsa chindapusa. Koma tikuuzeni zoona: dandaulo la mayi mmodzi limayenda pang'onopang'ono. Kalata yokhala ndi mayina khumi imawerengedwa tsiku lomwelo, chifukwa amenewo ndi ana khumi pa buku la fizi.

Tsopano tifike pomwe pamawawa. Pa gulu la makolo lija muli abambo ambiri ndithu. Amene anaimba foni, kuwerengera ndalama, kupempha kwa abwana kuti atuluke msanga, anali amayi okhaokha. Kunyumba ena anauzidwa kuti, "Salale yako yonse ikuthera ku nazale, bwanji ungokhala pakhomo?" Mwaimva masamu yake? Fizi ya mwana wa anthu awiri akuichotsera pa salale ya munthu mmodzi. Lendi sanena kuti ikudya salale ya bambo, ndiye asiye ntchito. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa makolo onse awiri, kaya ali pabanja kaya anasiyana, ndipo bambo akamazemba, khoti likhoza kumulamula kupereka chithandizo. Ndiye fizi ikakwera, uthengawo mutumizireni nayenso, pamodzi ndi theka lake la ndalama. Musasiye ntchito chifukwa cha temu imodzi. Mwana adzakula n'kuyamba Sitandade 1, koma ntchito ija sidzakudikirani, mu Lilongwe muno mukudziwa mmene anthu akuyendera ndi maenvulopu.

Njira ina yomwe timathamangira ndi ija yoimba foni kumudzi: "Amayi, mundipezereko kamtsikana." Asisi, apa tiyeni tiyang'anane m'maso. Kamtsikana kameneko nthawi zambiri kali ndi zaka 13, kachoka mu Sitandade 6 kuti mwana wathu adzayankhule Chingerezi. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Sitingaime pano kukamba za ufulu wa amayi titatsekera mwana wa mnzathu mu mpanda.

Ngati mwasankha kulemba anti, lembani munthu wamkulu, mumulipire zoyenera. Mu February 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pakhomo pa K52,000 pa mwezi, ndipo ngakhale imeneyo ena ankaidula. Anti amene amawoloka kuchoka ku Mtandire kupita ku Area 47, kapena ku Kauma kupita ku Area 12, nayenso ali ndi wake wamng'ono. Munamufunsapo kuti amamusiyira ndani? Funso lomwelo tinawafunsa madamu a nazale: pa ndalama zomwe mwakwezazi, aphunzitsi omwe amasintha matewera a ana athu alandirapo zingati? Anayang'ana kumbali.

Vuto lenileni n'lakuti boma linatisiya tokha pa zaka zimenezi. Tchuthi cha uchembere m'lamulo ndi masabata 8 basi, kamodzi pa zaka zitatu. Sukulu ya pulayimale mwana amayamba ali ndi zaka 6. Pakati ponsepo aliyense adzionere yekha. Sukulu za mmera mpoyamba za m'madera zilipo, pansi pa unduna woona za jenda, koma zambiri zimayendetsedwa ndi amayi ongodzipereka ndipo ana amaweruka masana asanafike. Mayi wotuluka ku ofesi 4:30, n'kuyamba kulimbana ndi mzere wa magalimoto pa Area 18, sizingamuthandize.

Za nazale yathu ija zinatha chonchi. Tinatsegula gulu lathu la makolo, tinalemba kalata imodzi, ambiri anasayina. Madamu anatiitana, poyamba atakwiya. Pomaliza anavomera kuti mtengo watsopano uyambe temu yamawa, ndipo wofuna kuchoka achoke ndi dipoziti yake. Awiri tinatsala. Mmodzi anachotsa mwana, ndipo pano iye ndi anzake awiri a mu mzere wawo alemba mayi mmodzi wamkulu, amagawana malipiro ake, ana atatu amakhala nyumba imodzi mosinthana. Dipoziti yake mpaka lero akuti "bwerani kumapeto kwa mwezi", ndiye dandaulo lake tikulilemba sabata ino.

Chitsanzo cha kalata ija chili pa tebulo pakhomopo, aliyense atengeko chimodzi potuluka. Mawa mukapemphe fotokope ya pepala lomwe munasayina ku nazale, mubwere nalo Loweruka likubwerali tidzaliwerenge limodzi. Amene akana kukupatsani, mudzatiuze.