Lamulo limene linapatsa munthu mmodzi nyanja yonse

Inu amene simunabwere ku kalabu, nazi zimene ndinayankhula.

Pa nthawi imene ndikukambayi, ku Roma kunalibe mfumu. Anthu ankasankha atsogoleri awiri otchedwa makonsulo, kwa chaka chimodzi basi, kuti wina asazolowere mpando.

Koma pofika chaka cha 67 Khristu asanabadwe, achifwamba anali atasokoneza nyanja ya Mediterranean. Ankalanda zombo za tirigu, mpaka anaukira Ostia, doko la Roma lenilenilo. Chakudya chinadula, ndipo inunso mukudziwa mmene mtima umakhalira ufa ukakwera mtengo. Ndiye Gabinius, mmodzi wa oimira anthu wamba, anabweretsa lamulo lakuti munthu mmodzi alamulire nyanja yonseyo kwa zaka zitatu, pamodzi ndi mtunda wa mailosi 50 kuchokera kugombe. Aliyense ankadziwa kuti akunena Pompey.

Akuluakulu ambiri a nyumba ya Senate anakana. Trebellius, woimira anthu mnzake wa Gabinius, anayesa kuletsa lamulolo, chifukwa udindo wake unkamulola kutero. Mukudziwa zimene Gabinius anachita? Anayambitsa voti yomuchotsa pa mpando. Magulu ovota analipo 35, ndipo 17 atavomera kuti achoke, mkuluyo anagonja. Apa m'pamene ine pamandiopsa: amene ntchito yake inali kunena kuti ayi anamutseka pakamwa, anthu akuombera m'manja.

Komatu sindiwanyoza Aromawo. Mtengo wa tirigu unatsika nthawi yomweyo, ndipo Pompey anathana ndi achifwamba m'miyezi itatu yokha. Kodi inu, muli ndi njala, mukanavota bwanji? Ine mwina ndikanavomera.

Poti zinayenda, anabwereza. Chaka chotsatira, 66 (zaka zimenezi timawerenga chotsika), lamulo la Manilius linapatsanso Pompey nkhondo yolimbana ndi Mithridates, mfumu ya ku Pontus, ndipo Cicero analiikira kumbuyo. Mu 59 lamulo la Vatinius linapatsa Julius Caesar asilikali ndi chigawo cha Gaul cha kumpoto kwa Italy kwa zaka zisanu. Mu 55 anamuonjezera zina zisanu. Msilikali amene wadya ndi kumenya nkhondo ndi mtsogoleri mmodzi zaka zonsezo, mukuganiza amvera ndani?

Mu 49, Senate itauza Caesar kuti asiye asilikali ake, iye anaoloka nawo mtsinje wa Rubicon kulowera ku Roma. Amene akuluakulu aja anathamangira kuti awateteze anali Pompey yemwe uja.